Telala wa pa Tsamba 48

Lachiwiri pa 14 Okutobala, nthawi itangopitirira 9 koloko m'mawa, mtsikana yemwe abale ake onse amamutcha Namakani analowa m'shopu ya amalume ake, telala, atakumbatira buku la masamba 86 lomwe anagula pa intaneti n'kukapereka kuyunivesite ngati kafukufuku wake. Anali ndi masiku awiri oti apeze munthu yemwe sanabadwepo, ndipo anali atasankha kale kuti munthuyo akhala amalumewo.

"Amalume, tazimitsani makinawo."

"Awa sazima. Ndi opondera."

"Ndiye siyani kupondako."

Amalume anachotsa phazi pachopondera n'kulavulira mapini awiri m'dzanja. "Ngati wabwerera diresi, langotsala mpendero basi."

Analoza ndi chibwano diresi lobiriwira lomwe linali pahang'ala kukhoma. Nsalu yake anabweretsa ndi mayi a Namakani mu Ogasiti, ndipo pakapepala kobayidwa pakolala panalembedwa tsiku lolandira digiri: Lachisanu, 28 Novembala.

"Diresi lidikire. Mukudziwa kuti munthu asanalandire digiri amayenera kulemba kafukufuku?"

"Mayi ako anandiuza. Akuti miyezi itatu sunkadya bwino."

"Eya. Kafukufukuyo ndi uyu. Koma sindinalembe ndine."

"Nanga chinkakuletsa kudya n'chiyani?"

"Nkhawa, amalume! Tamverani. Pa intaneti pali anthu. Umawatumizira mutu, umalipira pafoni, pakatha milungu iwiri amakutumizira buku lonse lathunthu."

"Ngati kusoketsa."

"Eya, ndendende! Ngati kusoketsa." Namakani anapumira m'mwamba. Sanayembekezere kuti amvana msanga chonchi.

"Anakuyesa?"

"Kundiyesa chiyani?"

"Miyeso. Munthu sungamusokere usanamuyese."

"Ndinalipira ya golide, amalume. Pali ya mkuwa, ya siliva ndi ya golide."

"Ya golideyo amayesa?"

"Sayesa."

"Ndiye wagula kaunjika."

"Si kaunjika! Analemba okha kuti ndi yatsopano, sinagulitsidwepo kwa munthu wina aliyense."

"Ogulitsa kaunjika nawonso amatero. Jekete iyo mwiniwake anauzidwa kuti ndi yatsopano. Dzulo ndapezamo tikiti ya basi ndi theka la chipeso. Unapisa m'matumba?"

"Buku lilibe matumba!"

Anawakankhira kapepala komwe a Pulofesa ake anamata pachikuto Lolemba. Amalume anavala magalasi, n'kuwerenga mokweza, chala chikutsata mzere.

"'Ntchito yochititsa chidwi. Lachinayi pa 16 Okutobala, 10 koloko m'mawa, ndikufuna ndidzaonane maso ndi maso ndi munthu wa pa tsamba 48, komanso wa pa tsamba 23. Ndikapanda kuwaona, bukuli lipita ku komiti ya chilango.' Aa, akuyamikira. Akuti yochititsa chidwi."

"Sakuyamikira ayi. Mayi amene aja akayamikira, dziwani kuti zavuta. Buku likangofika ku komiti, digiri palibe. Zaka zinayi zapita m'madzi, diresi lanulo mudzavala nokha."

"Silingandikwane. Atchula anthu awiri. Wa pa 23 ndi ndani?"

"Ndine ndemwe. Onani m'ndandanda wa zam'katimu: tsamba 23, 'Za wofufuza.' Wofufuza ndine. Ameneyo alipo kale."

"Wawerengapo?"

"Ndiwerengerenji za ine mwini? Ndimadzidziwa. Vuto ndi wa pa 48."

Anatsegula tsambalo. Mutu wa kafukufukuyo unali wa mmene zovala zakaunjika zaphera ntchito ya utelala, ndipo bukulo linkati Namakani anacheza ndi atelala makumi atatu. Pa tsamba 48 panali nkhani ya mmodzi mwa iwo, Wofunsidwa nambala 14.

"Telala?" anatero amalume. "Ndiye zosavuta. Atelala onse a mumsewu uno ndimawadziwa. Dzina lake ndani?"

"Alibe dzina. Ndi nambala 14."

"Mayi ake anamutcha choncho?"

"Amalume, munthuyu kulibe."

"Anasamuka?"

"Sanabadwe n'komwe!"

Amalume anayandikitsa maso patsambapo. "Apa akuti ali ndi zaka 71. Anazitenga kuti asanabadwe?"

"Anangomupeka! A pa intaneti aja anangomupeka. Ndiye a Pulofesa akufuna amuone. Ndawauza kale kuti shopu yake ndi ino, mapu ndawajambulira. Lachinayi nambala 14 mudzakhala inuyo."

"Ine ndili ndi zaka 58."

"Lachinayi mudzakhala ndi 71."

"Khumi ndi zitatu m'masiku awiri? Zomwe ndili nazozi zanditengera moyo wonse."

"Mudzangowerama pang'ono."

"Chitupa changa chidzaweramanso?"

"Sadzafunsa chitupa! Mzere wachiwiri. 'Akazi awo anamwalira pa 3 Juni, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.'"

Amalume anavula magalasi n'kuwaika pachifuwa. "Ii, pepani. Anadwala chiyani mayiwo?"

"Akazi ake ndi anu, amalume."

"Azakhali ako?"

"Eya."

"Ndawasiya akuchapa m'mawa uno."

"Pa tsamba 48 anamwalira."

"Akudziwa?"

"Sakuyenera kudziwa."

"Munthu amwalire zaka zisanu ndi chimodzi osauzidwa? Iyayi. Ine nkhani za m'banja sindibisa." Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa foni.

Namakani anaikwatula n'kuiponya m'kabati ya ulusi. "Lachinayi lokha! Kuyambira 10 koloko mpaka 11, basi."

"Oo. Chakudya amabweretsa 12. Ndiye adzauka nthawi yabwino." Anaganiza pang'ono. "Koma masiku ena amafulumira."

"Akadzafulumira mudzati ndi kasitomala."

"Kasitomala wondibweretsera chakudya, n'kundikalipira kuti ndavala malaya adzulo?"

"Chabwino, mudzati ndi mkazi wachiwiri."

"Zaka 34 akudziwa kuti ndi oyamba. Ukawauza ndiwe kuti atsika?"

Namakani anatseka maso n'kuwerenga chamumtima mpaka khumi. Anali atapambanapo mikangano ndi makondakitala, ndi alonda a pageti la kuyunivesite, ngakhale ndi mayi ake enieni. Telala mmodzi sakanamugonjetsa.

"Za azakhali tiona. Mzere wachitatu. Ana asanu ndi awiri."

"Ndili nawo anayi."

"Asanu ndi awiri."

"Atatu enawo ndinabereka ndi ndani?"

"Ndi malemu."

"Malemu ake azakhali akowa? Akanadziwa. Munthu sungabereke katatu osazindikira."

"Ndiye munabereka kunja!"

"Ho! Lankhula motsitsa, mwana iwe." Amalume anasuzumira pakhomo, kumanzere ndi kumanja. "Zimenezo zikawafika m'khutu, andipha lero lomwe. Ndiye wamasiye akhala iwowo, osati ine. Buku lako lilakwa."

"Palibe amene adzawerenge ana! Mudzangoti asanu ndi awiri."

"Akadzafunsa mayina?"

"Mudzapeke."

"Aamuna kapena aakazi?"

"Aliyense!"

"Akhale aakazi. Anyamata amadya kwambiri. Ali pasukulu?"

"Anamaliza!"

"Analemba okha kafukufuku?"

Namakani anatembenuza tsamba mwamphamvu moti linang'ambika pang'ono m'mphepete.

"'Chala cholozera cha kudzanja lamanja chinaduka pa makina osokera zaka khumi ndi ziwiri zapitazo.'"

Amalume anatambasula manja onse awiri patebulo n'kuwerenga zala chimodzichimodzi. Zinakwana khumi.

"Amene analemba izi sanaonepo makina. Makina sadula chala. Amabaya. Singano imalowa pachikhadabo n'kutulukira pansi, umapukusa gudumu chobwerera, umazula, umapitiriza ntchito. Zandichitikira kanayi."

"Awa anadula."

"Anali makina anji?"

"Sanatchule."

"Mwina ankasoka ndi macheka."

"Mudzangoika dzanja m'thumba."

"Popereka moni?"

"Mudzamange bandeji."

"Bandeji wa zaka khumi ndi ziwiri? A Pulofesawo adzandithamangitsira kuchipatala." Anatola sizasi yaikulu yodulira nsalu, n'kuiyang'ana, n'kuyang'ana chala. "Akuti chinadukira pati? Pamfundo yoyamba kapena yachiwiri?"

"Ikani pansi sizasiyo!"

"Ndikungofunsa muyeso."

"Mudzangochipinda. Chonchi. Onani. Kuchokera kutsogolo sichioneka."

Amalume anapinda chala n'kuzungulira nacho pagalasi loyeserera zovala. "Kutsogolo zoona. Adzakhale kutsogolo nthawi yonse, uwauze."

"Tipitirize. 'Chifukwa cha kaunjika, pa sabata amalandira kasitomala mmodzi yekha.'"

Onse awiri anayang'ana m'shopumo. Pachingwe panali mayunifolomu makumi anayi a sukulu ofunika Lolemba. Pansi pa tebulo panali mulu wa mathalauza wofika m'mawondo, lililonse ndi kapepala kake. Pampando wa alendo panali majekete asanu ndi imodzi, ndipo n'chifukwa chake Namakani anali chiimire.

"Mmodzi?" anatero amalume. "Kaunjikayo ndi amene akundidyetsa ine. Zovala zija zinasokedwera anthu ena, zimphona. Aliyense akagula amathamangira kuno: dulani miyendo, chepetsani m'chiuno, sinthani zipi. Chaka chatha ndinagula simbi yatsopano chifukwa cha kaunjika."

"Buku likuti kaunjika anakuphani."

"Buku linafunsa ndani?"

"Linafunsa inuyo! Pa tsamba 48!"

"Ndiye ndinanama."

"Simunaname. Zovala zonsezi tibisa."

"Kuti?"

"Kunyumba kwanu."

"Kwa malemu? Adzafunsa chifukwa chake."

"Amalume, chonde!"

"Wayesa kuwauza osokawo kuti chovala sichinakwane? Ine kasitomala akabweza, ndimakonza ulere."

"Ndawalembera kanayi. Amayankha ndi Wothandiza nambala 7."

"Nayenso mayi ake..."

"Musayambe. Amangoti, 'Zikomo potisankha.'"

"Ali ndi ulemu."

"Mzere womaliza. 'Pa mphindi ya 17 ya kucheza kwathu, wofunsidwayo analira.'"

"Ndinalira?"

"Misozi chuchuchu. Akatchula za kaunjika, mudzalirenso."

"Pa mphindi ya 17."

"Nthawi iliyonse."

"Buku likuti 17. Udzandigwirire wotchi. Koma ine kulira kwanga n'kovuta. Ndinalira komaliza zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, nditaboola ndi sizasi diresi la ukwati la mwana wa abusa."

"Eya! Mudzakumbukire zimenezo."

"Zinatha bwino. Paboowo ndinaikapo duwa, anthu atatu anabwera kudzafuna lofanana nalo. Ndikakumbukira ndimaseka."

Namakani anagwira mutu ndi manja awiri. Amalume anali atabwereranso patsambapo.

"Pansi apa alemba tsiku. 'Kucheza kunachitika pa 9 Malichi, m'shopu ya wofunsidwayo.'" Anakoka kope la miyeso lomwe limakhala pansi pa makina, n'kunyowetsa chala, n'kubwerera masamba m'mbuyo. "Loweruka pa 8, mathalauza atatu ndi siketi. Lolemba pa 10, chiuno cha a hedimasitala, 44. Pa 9 palibe. Linali Lamulungu. Sindinatsegule."

"Munatsegula."

"Ndinali kutchalitchi. Ndinawerenga mawu kutsogolo, anthu mazana awiri anandiona."

"A Pulofesa sanakuoneni."

"Bukuli unaitanitsa liti?"

"Pa 22 Sepitembala."

"Linabwera liti?"

"Pa 6 Okutobala."

"Ndiye unandifunsa mu Malichi mafunso amene unawadziwa mu Okutobala?"

"Eya!"

"Ndipo ine ndinayankha?"

"Munayankha, munalira, nkhani inatha!"

Amalume anatseka kope lija pang'onopang'ono. Anayang'ana diresi lobiriwira, kenako mwana wa mlongo wawoyo.

"Tamvera, Namakani. Mumsewu uno muli atelala khumi ndi mmodzi, kuseri kwa msika kuli ena oposa makumi awiri. Onse ali ndi mayina, onse anabadwa. Pita kwa a Pulofesawo ukanene zoona, upemphe chaka china. Ndikuyendetsa ndekha shopu ndi shopu. Uyambe ndi ine, panopa, ndili ndi zala zonse. Diresi ndisunga. Ndasiya msoko wokwanira, ngakhale utanenepa."

Kwa kamphindi Namakani anaona njirayo bwinobwino, yoongoka, yopanda chala chopinda. Kenako anaona nkhope ya mayi ake, ndi macheza a anzake pa 28 Novembala iye ali kunyumba. Anaumitsa khosi monga ankachitira ali ndi zaka zinayi akamukakamiza kumwa mankhwala.

"Ayi. Buku linaperekedwa kale, lili ndi chidindo. Zimene zalembedwa m'bukumu ndi zimene zilipo. Buku silisintha. Asinthe ndi munthu."

"Tabwereza."

"Buku silisintha. Asinthe ndi munthu."

"Ine zaka 36 ndakhala ndikuchepetsa chovala kuti chikwane munthu. Iwe ukuti tichepetse munthu kuti akwane chovala."

"Mwamvetsa tsopano."

"Paliponse m'bukumu?"

"Kuyambira tsamba loyamba mpaka 86."

"Chabwino." Amalume anatola choko choyera cholembera pansalu n'kuyamba kudzipaka m'mutu. "Imvi zifike pati?"

Namakani anatsala pang'ono kuwakumbatira. "Zakwana pomwepo. Tiyeni tiyeserere. Ine ndine a Pulofesa. Ndalowa. Moni, bambo."

Amalume anawerama mpaka chibwano chinagunda makina, n'kupereka dzanja la chala chopinda. "Khalani kutsogolo, mayi. Musazungulire."

"Zimenezo musanene. Muli ndi zaka zingati?"

"Lachinayi 71."

"Musatchule Lachinayi!"

"Lero ndi Lachiwiri."

"Tikuyerekeza kuti ndi Lachinayi!"

"Oo. Ndiye mayunifolomu aja ndachedwa nawo."

"Amalume! Akazi anu ali kuti?"

"Anamwalira pa 3 Juni." Anapukusa mutu mwachisoni. "Akuti ndikupatseni moni."

"Ayi! Anamwalira, basi, mwatseka pakamwa. Ana muli nawo angati?"

"Asanu ndi awiri. Anayi ndi amene akudziwika."

"Bizinesi ikuyenda bwanji?"

"Inafa, mayi. Kaunjika anandipha." Anatsokomola. "Koma siketi yanuyo ikukulirani m'chiuno. Mukaisiya lero mudzaitenga Loweruka."

"Musafune makasitomala! Ndinu munthu wosweka mtima!"

"Mphindi zakwana zingati?"

"Zitatu."

"Ndiye mtima usweka pakatha khumi ndi zinayi."

Anabwereza kasanu. Ulendo wachitatu amalume anaiwala kupinda chala. Wachinayi anapinda cha kumanzere. Wachisanu zonse zinayenda: zaka 71, malemu osapereka moni, ana asanu ndi awiri ndi mayina awo, ndipo pa mphindi ya 17 ndendende amalume ananunkhiza botolo la mafuta a makina, diso limodzi n'kutulutsa msozi. Nthawi inali 10:40. Namakani anasuntha majekete aja n'kukhala pansi koyamba chilowereni. Digiri ija anayambanso kuiona.

"Mwakhoza, amalume. Mwandipulumutsa."

"Ntchito sinathe. Chovala ndisanapereke ndimachitembenuza kuti ndione misoko yonse. Bwera nalo bukulo, mwina ndatchulidwa penanso."

Analitenga, n'kuyang'ananso kapepala ka a Pulofesa, n'kutsegula chakumayambiriro. Chala chinayenda mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Chinaima. Chinabwerera n'kuyambiranso. Amalume anayang'ana Namakani pamwamba pa magalasi, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuchotsa tepi m'khosi.

"Taimirira."

"Bwanji?"

"Taimirira, tambasula manja." Anayesa mapewa n'kulemba m'kope. "Achepa. Tiika thonje."

"Diresi lija munandiyesa kale."

"Umadziwa kuguba?"

"Kuguba?"

"Kumanzere, kumanja. Tayesa, kuchokera pakhomo kufika pasimbi."

"Amalume, mafuta aja akulowani m'mutu?"

"Mawu ako amatsika mpaka pati? Tanena kuti 'moni, achimwene' ndi mawu a pachifuwa."

"Sindinena!"

"Tsitsili unalukitsa liti?"

"Loweruka. Maola asanu ndi limodzi. Musalikhudze."

"Pepa." Anatsitsa diresi lobiriwira pahang'ala, n'kuliyala patebulo, n'kujambula ndi choko mzere woongoka kuchokera kumpendero kukwera pakati.

"Mayo ine! Mukutani diresi langa?"

"Miyendo iwiri ituluka. Jekete tibwereka iyi ya chipeso."

"Miyendo ya chiyani?"

"Ya thalauza. Ndapisa m'thumba la buku lako, mwana iwe. Mwiniwake woyamba anasiyamo katundu." Anakonza magalasi n'kuwerenga mosathamanga. "Tsamba 23. 'Za wofufuza. Wofufuzayu ndi bambo wa zaka 46, wa ana asanu, yemwe anagwira ntchito ya usilikali zaka makumi awiri asanabwerere kusukulu. Poyamba atelala ena ankamuopa chifukwa cha msinkhu ndi mawu ake. Koma achikulire ambiri, ataona dazi ndi ndevu zake zaimvi, anamulandira ngati mnzawo.'"

Panja panadutsa njinga yamoto, phokoso lake n'kukathera kumsika.

Namakani analanda bukulo. Anawerenga yekha kawiri. Anatembenuza tsambalo kuti aone ngati kuseri kuli wofufuza wina. Kunali tebulo la manambala.

"Alakwitsa! Ili ndi bodza! Ine ndili ndi zaka 22!"

"Zikuperewera 24. Udzawerame kwambiri."

"Ndinalipira ya golide!"

"Mwina asilikaliwo analipira ya siliva."

"A Pulofesa amandidziwa! Ndakhala m'kalasi mwawo zaka ziwiri, mpando wakutsogolo!"

"N'chifukwa chake akuti yochititsa chidwi."

"Tsambali tiling'ambe! Tilisinthe!"

"Linaperekedwa kale. Lili ndi chidindo."

"Amalume, munthu sangasanduke chomwe sali!"

Amalume anadzigwira kumutu, choko n'kuwayoyokera paphewa. Anakoka mpando pakati pa shopu, n'kuupukuta ndi kansalu, n'kutola sizasi ija ndi dzanja la zala zinayi.

"Ine mkazi ndaika kale m'manda, ana atatu ndabereka, chala ndadula, zonse isanakwane 11 koloko. Buku silisintha. Khalani pampandopa, bambo, tiyambe ndi dazi."